Perete wa pa 6 Julaye pa boma: tiyambire khomo liti?

Funso: Ndine mlembi wa komiti ya magulu a achinyamata ndi sukulu zingapo kuno ku Kasungu. Tikufuna kuti pa 6 Julaye tidzagube mumsewu kuchokera kumsika mpaka kubwalo la zamasewero, tili ndi bandi, magule ndi galimoto zokongoletsedwa. Wina akuti tipite kupolisi, wina akuti kwa DC, winanso akuti bola khansala wathu wavomera basi. Tiyambire pati, nanga angatikanize?

Yankho: Bambo mlembi, anthu atatu akulangizaniwo aliyense wagwira mbali yake, n'chifukwa chake akumveka ngati akutsutsana. Mu perete muli nkhani ziwiri zimene makomiti ambiri amaziphatikiza. Yoyamba ndi ufulu wanu wosonkhana ndi kuguba, umene simuchita kupempha kwa munthu. Yachiwiri ndi msewu ndi bwalo zimene mukufunazo, zomwe zili ndi oziyang'anira ake ndiponso anthu ena ozifuna tsiku lomwelo. Nkhani yoyamba imatha ndi kalata imodzi. Yachiwiriyo idzakudyerani miyezi iwiri, ndipo maperete ambiri amagwera pamenepo.

Tiyambe ndi kalatayo. Gawo 38 la malamulo oyendetsera dziko lino limati munthu aliyense ali ndi ufulu wosonkhana ndi anzake ndi kuchita zionetsero mwamtendere, osanyamula zida. Kayendetsedwe kake kali m'lamulo la apolisi la 2010. Gawo 96 la lamuloli limati wokonza msonkhano kapena zionetsero alembe kalata yodziwitsa bwanamkubwa (DC), kope lake n'kupita kwa mkulu wa polisi ya m'deralo. Kalatayo ifike kusanatsale maola ochepera 48, komanso isafike kudakali masiku opitirira 14. Kwa inu ndiye kuti khomo limatseguka pa 22 Juni n'kutsekeka m'mawa wa pa 4 Julaye. Perekani tsiku loyamba la ntchito khomolo likangotseguka. Tengani makope atatu, onse akadindidwe chidindo chosonyeza tsiku limene alandira, limodzi mubwerere nalo. Kalata yopanda chidindo ikasowa muofesi, amene amaoneka wabodza ndinu.

Wina mukomiti anena kuti ife sitikuchita zionetsero, tikukondwerera ufulu wodzilamulira. N'zoona kuti lamuloli analilemba poganizira kwambiri misonkhano ya ndale ndi zionetsero. Lembani ndithu. Wapolisi wa pamsewu akaona anthu 800 atadzadza tala safunsa kuti akondwa kapena akwiya, amangoona msewu wotsekeka. Komanso pa gulu la achinyamata sipalephera mmodzi wobwera ndi chikwangwani chodandaula za kusowa kwa ntchito, ndipo chikangokwezedwa, perete wanu walowa m'lamulo lomwe lija.

M'kalatamo musangolemba kuti tikufuna kuguba. Tchulani mtsogoleri wa perete ndi womutsatira, mayina awo enieni ndi kumene angapezeke, dzina la komiti, cholinga, tsiku, nthawi yosonkhana, yonyamuka ndi yobalalika, chiwerengero cha anthu amene mukuwayembekezera, njira yonse mphambano ndi mphambano, galimoto zingati ndiponso zamtundu wanji, ndi anthu angati osungitsa bata amene adzavale chozindikiritsa chotani. Phatikizanipo mapu, ngakhale ojambula pamanja. Pa chiwerengero musachepetse dala poganiza kuti akuvomerani msanga. Apolisi amatumiza anthu molingana ndi nambala imene mwalemba, ndipo mukalemba 300 n'kubwera 1,500, amene adzavutike ndi ana anu omwe.

Ku Kasungu kuli kanthu kena kofuna kusamala. Kwanuko kuli makhonsolo awiri: khonsolo ya boma lonse imene mkulu wake ndi DC, ndi khonsolo ya tauni imene ili ndi mkulu wake ndi meya wake. Kalata ya lamulo ija imapita kwa DC, koma misewu ya m'kati mwa tauni, msika, depoti, zinyalala ndi malo opachika zikwangwani ndi za khonsolo ya tauni. Choncho mkulu wa khonsolo ya tauni alandire kalata yakeyake. Amene akuwerenga ali ku Blantyre, Lilongwe, Mzuzu kapena Zomba achite chimodzimodzi: kwa DC ndiponso kwa mkulu wa khonsolo ya mzinda. Bwalo nalo funsani bwino kuti lili m'manja mwa ndani, chifukwa mabwalo ena ndi a khonsolo, ena a sukulu, ena a mpingo, ndipo kuvomera kwa DC sikukupatsani makiyi a geti ya mwini wake.

Khansala alibe mphamvu yovomereza perete. Mawu ake akuti "pitirizani, ndalankhula nawo kale" sangakuyimireni pena paliponse. Komabe musamusiye kunja. Iye ndi amene amadziwa wapampando wa msika, wa akabaza ndi wa madalaivala a minibasi, ndipo akamva za perete wa m'dera lake pa wayilesi amakhumudwa mokwanira kukusokonezerani. Mafumu nawo apiteni mwaulemu wake, makamaka poti mukufuna magule.

Masiku 14 aja asakupusitseni kuti kukonzekera kumayamba mu Juni. Kumayambiriro kwa Meyi pitani mukadziwonetse ku maofesi onsewa ndi kalata wamba yofotokoza maganizo anu. Pali zinthu zimene mungazidziwe pokhapokha mutafunsa msanga. Mwina boma lili ndi mwambo wakewake tsikulo pa bwalo lomwelo, ndipo zikatero njira yanzeru ndi kupempha kuti perete wanu alowe m'ndondomeko ya mwambowo, zinthu zimapepuka kwambiri. Mwina apolisi ambiri adzakhala atatumizidwa ku mwambo waukulu wa dziko. Mwina sukulu zimene mukudalira zidzakhala pakati pa mayeso a MANEB, amene amakonda kugwera miyezi yomweyi. Ana a sukulu satuluka pa mawu a ahedi okha, ofesi ya maphunziro ya pa boma idziwe, makolo nawo avomere.

Kalata ija ikafika, DC amayitanitsa zokambirana. Pamsonkhano umenewu ndi pamene perete amabadwa kapena kufa. M'chipindamo mudzapeza mkulu wa polisi kapena womuyimira, wamkulu wa apolisi a pamsewu, wa zaumoyo, wa zomangamanga ku khonsolo, mwinanso wa zamaphunziro. Mapu anu adzayalidwa patebulo, wa trafiki adzaika cholembera pa mphambano imodzi n'kufunsa kuti, "Pano mudutsa nthawi yanji, ndipo mutenga mphindi zingati?" Komiti yosakonzeka imayankha kuti, "Cha m'ma 9 koloko, bwana, sitichedwa." Yankho limenelo ndi limene limabala mawu akuti tikuyankhani, ndipo kuyankhako kumafika pa 5 Julaye madzulo.

Werengerani motere. Anthu 1,000 akuyenda anayianayi ndi mizere 250. Mzere uliwonse ukatenga mita imodzi ndi theka, ndi mamita 375. Onjezanipo bandi, galimoto ndi mipata ya pakati pa magulu, perete wafika theka la kilomita. Gulu lokhala ndi ana a pulayimale limayenda makilomita atatu pa ola, osaposa. Ndiye kuti kuchokera pamene mbendera yakutsogolo yalowa pa mphambano mpaka womaliza atatuluka padutsa mphindi 10, ngati palibe amene wayima. Koma amayima. Amayi a chimtali akaona anthu ambiri pa mphambano amafuna kuvinirapo, anyamata a mganda nawo salola kupitirira osaonetsa luso. Choncho nenani mphindi 20, ndipo sankhani nokha malo awiri ovinira amene ali kutali ndi mphambano. Mukafika ndi masamu otere, nkhope za m'chipindamo zimasintha, chifukwa aona kuti akulankhula ndi anthu amene njirayo ayiyenda ndi mapazi. Iyendenidi, pa tsiku ndi ola lofanana ndi la perete, wotchi ili m'manja.

Vuto lalikulu kwanuko ndi M1. Msewu umenewu si wa khonsolo, uli m'manja mwa bungwe loyang'anira misewu la Roads Authority, ndipo umanyamula mabasi ndi mathiraki a pakati pa Lilongwe ndi Mzuzu amene sadziwa n'komwe za chikondwerero chanu. Ine malangizo anga ndi akuti ngati n'kotheka muudutse modula, osayenda nawo motsatira. Kuimitsa galimoto kwa mphindi 20 apolisi amavomera mosavuta. Kuwapempha kuti atseke kilomita yathunthu ya M1 kwa ola limodzi ndi nkhani ina, ndipo adzakufunsani njira yopatukira imene thiraki ya matayala ambiri ingakhotemo. Ngati palibe kuchitira mwina, pemphani mbali imodzi ya msewu, galimoto ya polisi patsogolo, ina pambuyo, ndi chingwe chachitali chogwiridwa ndi osungitsa bata kumbali ya magalimoto. Yang'ananinso kumene kuli chipatala. Njira ya ambulansi isatsekedwe ngakhale mphindi imodzi, ndipo osungitsa bata onse adziwe kuti sayirini ikalira gulu lonse likukankhira mbali iti. Anzathu a ku Blantyre amalidziwa bwino vutoli, popeza chipatala cha Queen Elizabeth chili m'mbali mwa msewu wa Masauko Chipembere womwe aliyense woguba amaufuna.

Pali malo enanso amene lamulo la apolisi lija limaletsa kusonkhanapo popanda chilolezo chapadera: Nyumba ya Malamulo, nyumba za boma za mtsogoleri wa dziko, ndi makhoti, kuphatikizapo mamita 100 ozungulira malowa. Pa boma chimene chingakukhudzeni ndi khoti la majisitireti. Ngati njira yanu ikudutsa pafupi, litchuleni nokha pa zokambirana.

Tsopano geti. Ngozi zoopsa za zikondwerero sizikonda kuchitikira mumsewu, zimachitikira pamene khamu likulowa pamalo opapatiza. Pa 6 Julaye 2017, pa chikondwerero cha zaka 53 za ufulu wodzilamulira, anthu asanu ndi atatu anafa pa bwalo la Bingu ku Lilongwe, ambiri mwa iwo ana, ena ambiri n'kuvulala. Kunali mpira waulere wa Nyasa Big Bullets ndi Silver Strikers. Mageti anachedwa kutsegulidwa kwa maola angapo, khamu linaunjikana panja, ndipo anthu anapondana polimbirana kulowa. Bwalolo limalowa anthu pafupifupi 40,000, malo analipo. Chimene chinapha anthu ndi kudikira pa khomo lotseka.

Perete ali ndi chiopsezo chomwechi, mwinanso choposa, chifukwa amafikitsa anthu onse pa geti nthawi imodzi. Munanyamuka 1,000, koma pofika kubwalo muli 3,000, poti ana a m'makwalala, mavenda ndi aliyense womva ng'oma walowa m'mbuyo. Akutsogolo akaima, akumbuyo sadziwa, amangokankha. Anthu akapitirira anayi kapena asanu pa malo a mita imodzi m'litali ndi m'lifupi, munthu sathanso kusankha kopita, ndipo mwana akagwa sadzuka. Choncho gwirizanani polemba kuti mageti onse adzakhala otsegula ola limodzi perete asananyamuke, ndipo mudziwe dzina la amene amasunga makiyi. M'mawa wa tsikulo munthu wanu akaime pa geti ndi foni, perete asanyamuke iye asananene kuti kwatseguka. Oonerera alowe kaye, ogubawo akhale ndi geti yawoyawo. Galimoto zokongoletsedwa zisalowere geti ya anthu apansi. Ndipo musagawe chilichonse chaulere pa khomo, kaya ndi malaya, zakumwa kapena mabisiketi. Zogawa zipite kudzera kwa aphunzitsi ndi atsogoleri a magulu anthu atakhala pansi.

Galimoto zokongoletsedwazo nazo ndimaziopa. Lole yodzadza ana oimirira, yopanda zotchinga m'mbali, dalaivala akuona kutsogolo kokha pamene tiana tikuthamangira m'matayala kutola maswiti. Lole iliyonse ikhale ndi anthu anayi oyenda pansi pafupi ndi matayala, mapepala ake ndi a dalaivala akhale okwanira, ndipo pasakhale choponya kuchokera pamwamba. Akabaza a njinga zamoto adzabwera, kaya mwawayitana kaya ayi. Bola kuwayitana, kuwapatsa malo awo kumapeto kwenikweni ndi mtsogoleri wawo, kusiyana n'kuti azidzalowerera pakati pa ana akuliza mahutala.

Musanasayine kalata ija, bambo mlembi, dziwani chimene dzina lanu likusenza. Gawo 106 la lamulo la apolisi limati katundu akaonongeka chifukwa cha chipwirikiti chobuka pa msonkhano kapena zionetsero, bungwe lokonza kapena mtsogoleri wake angathe kulipitsidwa pamodzi ndi oonongawo. Nkhaniyi inamveka kwambiri m'chaka cha 2019, nthawi ya zionetsero zotsutsa zotsatira za chisankho. Perete wa chikondwerero sachedwa kusanduka chipwirikiti ngati muli mowa ndi makaka a zipani. Chodzitetezera chanu ndi umboni wakuti munachita zonse zimene munthu wanzeru akanachita: mndandanda wa osungitsa bata, maminitsi a zokambirana, malamulo amene munawerengera magulu onse. Osungitsa bata akhale akuluakulu odziwika, mmodzi pa anthu 20 kapena 25 pamene pali ana, ovala zofanana, ndipo akumane ndi apolisi dzulo lake. Za makaka a zipani, lembani poyera kuti tsikuli ndi la mbendera ya dziko yokha. Phungu kapena khansala akathandiza ndi ndalama, athokozedwe pa chimkuzamawu, koma nsalu za chipani zitsale kunyumba. Zikangolowa, a chipani china adzabwera ndi zawo, ndipo DC adzayamba kuona perete wanu ndi diso lina.

Za ndalama. Kudziwitsa DC si chinthu chogula. Chimene mudzalipira ndi bwalo, mwina malo a zikwangwani, ndi ntchito zina za khonsolo monga kuchotsa zinyalala. Nkhani ya mafuta a galimoto ya polisi ndi chakudya cha ogwira ntchito tsikulo imatuluka ndithu pa zokambirana. Ikatuluka, ikambidwe pamaso pa onse, ilembedwe m'maminitsi, ndipo ndalama iliyonse yopita ku ofesi ya boma kapena ya khonsolo ibwere ndi lisiti ya ofesiyo. Ya m'manja kuseri kwa ofesi ayi, chifukwa amene mwamupatsayo akasinthidwa ntchito dzulo lake, wobwerayo sadziwa kanthu. Ngati mudzaimba nyimbo za oyimba ena pa zokuzira mawu, a COSOMA, bungwe loteteza ufulu wa eni nyimbo, ali ndi gawo lawo, afunseni msanga.

Wa zaumoyo adzafunsa za zimbudzi, madzi akumwa ndi zakudya zophikaphika, ndipo chichitikireni mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023 mafunso amenewa sawafunsa mwamwambo chabe. Onani zimbudzi za pa bwalo ndi maso anu, musangomva kuti zilipo. Ikani ndowa zosambira m'manja ndi sopo. Pemphani a Red Cross kapena a chipatala kuti pakhale anthu a chithandizo choyamba, ena poyambira, ena kubwalo, ndi galimoto imodzi yosachita china chilichonse koma kudikira wodwala. Julaye ndi wozizira m'mawa, ana amabwera osadya, ndipo amene amakomoka ndi aja aimitsidwa pamzere kuyambira 6 koloko kudikira mlendo wolemekezeka. Uzani mlendoyo nthawi yonyamuka, ndipo ikakwana nyamukani, adzakupezani kubwalo. Walira mvula walira matope: gulu lotola zinyalala liyende kumbuyo kwenikweni ndi matumba, khonsolo ikadzaona msewu woyera chaka chamawa simudzavutika.

Gule wamkulu ali ndi malamulo ake amene komiti singawasinthe. Kambiranani ndi mafumu ndi akuluakulu a dambwe za kumene gule adzakonzekere, njira yolowera ndi yotulukira. Nthawi zambiri n'kwabwino kuti akavinire kubwalo m'malo moyenda mumsewu pakati pa ana a sukulu, amene akangoona chilombo amabalalikira kulikonse, ngakhale kumene kukubwera galimoto.

Nanga angakukanizeni? DC angathe kusintha njira, nthawi kapena kuika malire ena, ndipo angaletse ngati pali chifukwa chenicheni choopera chipwirikiti, kuvulala kwa anthu kapena kusokonekera kwakukulu kwa magalimoto kumene apolisi sangakwanitse kukuthana nako. Kungonena kuti sitikufuna si chifukwa. Makhoti a dziko lino anaonetsa kale mbali imene ali: mu 2002 khoti lalikulu linathetsa chiletso cha mtsogoleri wa dziko Bakili Muluzi pa zionetsero zokhudza nkhani yoti aimenso kachitatu. Akakukanizani, pemphani kuti zifukwa azilembe, ndipo khomo la khoti lalikulu ndi lotsegula. Koma kunena zoona, pa perete wa chikondwerero simudzafika kumeneko. Chimene mudzamve ndi chakuti sinthani njira, chokani pa M1, yambani 8 koloko m'malo mwa 10. Pitani ku zokambirana muli ndi njira yachiwiri m'thumba imene komiti yavomereza kale, kuti musadzanene kuti tikafunse kaye anzathu. Zimene mwagwirizana zilembedwe ndi kusayinidwa, ndipo pa tsikulo mtsogoleri wa perete ayende nalo pepalalo m'thumba, chifukwa wapolisi amene mudzakumane naye pa mphambano mwina sanali m'chipinda chija.

Chiletso chimene simungalimbane nacho ndi cha mliri kapena maliro a dziko. Mu 2020 mwambo waukulu wa pa 6 Julaye, umene unayenera kuchitikira pa bwalo la Bingu pamodzi ndi mwambo wolonga Lazarus Chakwera pa mpando, unasinthidwa kutatsala tsiku limodzi chifukwa cha Covid-19, n'kukachitikira ku Kamuzu Barracks ndi anthu ochepa. Choncho polipira a bandi, a zokuzira mawu ndi a matenti, perekani theka lokha, ndipo mulembe nawo kuti boma likaletsa mwambowo ndalamayo idzabwezedwa kapena idzagwira ntchito pa tsiku lina limene mudzagwirizane.